Mipata ya Pabalaza

Gloria atapinda mphasa yomaliza, Robin anaima pakhomo la pabalaza, kapu ili m'manja, maso ali pansi. Tiyi anazizira asanamulawe.

Azimayi amene ankagona m'nyumbamo masiku a maliro anali atabalalika m'mawa womwewo, ena kulowera ku Chimbiya, ena kumidzi ya kuseri kwa mishoni ya Kasina. Anasiya fungo la utsi ndi la zitenje zonyowa ndi nkhungu. Mipando inali ikadali panja, pansi pa mtengo wa mapichesi, pomwe anthu anaiunjika tsiku limene bambo a Robin ndi Gloria, aphunzitsi a Eustace, anamwalira. M'nyumba munangotsala tebulo lalikulu ndi kabati ya mbale. Pansi ponse panali pambalambanda, ndipo Robin anaona zimene mphasa zinkabisa.

Matabwa amene iye mwini anayala pabalazapo anali atatalikirana. Anali matabwa a vinilo, pulasitiki yooneka ngati mlombwa wopalidwa bwino, ongolumana m'mphepete popanda guluu kapena msomali, ongoyalidwa pamwamba pa simenti. Imeneyi ndiyo inali ntchito yake ku Lilongwe, kuyala matabwa otere m'maofesi ndi m'nyumba za anthu opeza bwino, ndipo ankadziwika kuti pamene wadutsa iye singano singalowe. Koma apa, m'nyumba ya makolo ake, pakati penipeni pa balaza panali mpata woti chala n'kulowa, wodzaza fumbi ndi njere za mpunga. Wina unali pafupi ndi zenera. Wina unadutsa chopingasa pakhomo lolowera kuzipinda.

“Gloria, izi zinayamba liti?”

Mlongo wake wamng'onoyo, amene anali namwino ku Kabwazi, anatsamiritsa mphasa pakona osatembenuka. “Ziti, achimwene?”

“Mipatayi.”

“Ndi kale. Chisanu choyamba chitangodutsa.”

“Bwanji osandiuza?”

“Abambo anakana.”

Robin anaika kapu pazenera n'kugwada. Analowetsa chala mumpatamo, kenako anayesa kukankha thabwa ndi chikhatho. Silinasunthe.

“Mumakolopa ndi madzi ambiri eti? Ndinanena kuti kansalu konyowa pang'ono n'kokwanira.”

“Timakolopa monga munanenera.”

“Nanga mbaula? Mumaiika pomwepa?”

“Timaiika pa njerwa, monga munanenera.” Tsopano Gloria anatembenuka. Maso ake anali ofiira, mawu atasasa ndi nyimbo za maliro. “Abambo tawaika dzulo, achimwene. Nkhata sizinafote pamanda, inu mukufunsa za pansi.”

Robin anaweramitsa mutu. Ankadziwa kuti mlongo wake akunena zoona. Koma kuyang'ana pansi kunali kopepukirapo kusiyana ndi kuyang'ana kuseri kwa chitseko, kumene chipewa cha bambo ake chinali chikadali pamsomali wake.

Zifukwa za mipata ankazidziwa, ankazifotokozera anthu tsiku ndi tsiku. Matabwa otere amatambasuka kukatentha, amafinyika kukazizira, ndipo amafunika kuwagoneka kaye m'nyumbamo kuti azolowere mphepo yake. Iye anawayala mu Okutobala, tsiku lomwe anatsika nawo pagalimoto, akadali ofunda ndi dzuwa la mumsewu, chifukwa m'mawa mwake kunali Misa yothokoza Mulungu chifukwa cha ukwati wa makolo ake, ndipo ankafuna alendo apeze nyumba itasintha. Kenako kunabwera Juni wa ku Dedza, woumitsa zala. Simenti yakale nayo inali yokumbika mwina ndi mwina. Dzuwa la masana linkalowa pazenera n'kumawotcha malo amodzimodzi. Zonsezo zikanatsegula timipata tonga ulusi. Mpata wa chala unkanena zina: panali chimene chinagwira matabwawo kuti asayende.

Pansi pa mpata waukuluwo pankaoneka kufiira. Anali polishi wakale. Robin anapukuta fumbi, ndipo fungo lija linamubwerera ngati chitini chatsegulidwa kumene. Ali ana, Loweruka lililonse mayi awo ankapaka polishi wofiira atagwada, kenako n'kuwapatsa zisanza za juzi yakutha kuti awalitse. Iye ndi Gloria ankazimanga kumapazi n'kumatsetsereka kuchokera kukhomo mpaka kukabati, bambo awo atakweza mapazi pakampando, akuchonga makope a ana a sukulu, akunamizira kuti sakuona. Wina akagwa ankangoti, “Amene wagwayo walephera, abwereze kalasi,” osadzutsa mutu. Panali mng'alu woyambira pamwendo wa tebulo kukafika kukhomo umene ankautcha mtsinje wa Linthipe, ndipo mvula ikawatsekera m'nyumba bambo awo ankajambula ndi choko mapiri ndi midzi m'mbali mwake, n'kumawafunsa mayina. Zonsezo Robin anazikwirira tsiku limodzi, akuimba mluzu.

Dzuwa litabalalitsa nkhungu, amalume awo, a Yeremiya, anawaitanira pansi pa mtengo wa mapichesi. Anali mlongo wawo wamkulu wa mayi awo, ndipo ankafuna nkhani ithe asanakwere njinga kubwerera kwawo. Mayi awo, a Magadalena, anakhala pamphasa atafunda bulangeti, mpango wakuda uli kumutu. Maso awo anali otsegula, koma ankangoloza kumene kukuchokera mawu. Anayamba kuchita khungu pang'onopang'ono zaka zingapo zapitazo mpaka anatsala ongosiyanitsa kuwala ndi mdima, ndipo madokotala anati sadzaonanso.

“Ana inu,” a Yeremiya anayamba, akusisita mawondo, “amene anali maso a mayi anu ndi amene tawagoneka dzulo aja. Alamu anga ankawaperekeza kutchalitchi, ankawawerengera nyuzipepala, ankawatenthetsera madzi osamba. Sindingachoke pano ndisanamve kuti ntchito imeneyi aisenza ndani.”

“Ndaganiza kale, amalume,” anatero Robin. “Ndiwatenga. Ku Lilongwe chipinda chilipo, kumafunda, chipatala chili pafupi. Akunyumba kwanga avomera. Nyumba ino tiitseke kaye.”

“Mwaganiza kale,” Gloria anabwereza motsitsa mawu.

“Uli ndi maganizo ena?”

“Ndingofunsa. Masana inu muli kuntchito, alamu ali kuntchito, ana ali kusukulu. Amayi azicheza ndi ndani? Ndi mpanda?”

“Tipeza munthu.”

“Mupeza munthu.” Gloria anazula udzu pafupi ndi phazi lake n'kuutaya. “Inu mumatumiza zinthu, achimwene. Sola munatumiza, wailesi munatumiza, matabwa munabweretsa. Ine ndimabweretsa msana wanga panjinga yamoto Lachisanu lililonse, kaya ndi mvula kaya ndi fumbi. Sindikudandaula, ndi makolo anga. Koma malo a sukulu ya uzamba ku Blantyre ndakhala ndikuwakana. Andiitananso, ndiyambe mu Seputembala. Abambo ankadziwa. Anati ulendo uno upite, mayi ako ndilipo ine.”

Anayang'ana kumbali.

“N'chifukwa chake ndikuti ndiwatenge, iwe upite,” anatero Robin.

“Mwawafunsa?”

Kumishoni kunalira belu. A Yeremiya anatembenukira kumphasa. “Mlongo wanga, mwawamva ana anuwa.”

“Ndawamva,” a Magadalena anayankha. “Akukambirana bwino, ngati anthu ofuna kudziwa kuti thumba la mbatatesi likwere galimoto iti. Ndazizidwa. Ndilowe.”

Robin anawadzutsa n'kuwagwira mkono mpaka pakhomo. Atafika apo mayi akewo anachotsa dzanja lake mofatsa, anavula masilipasi ngakhale kunali kozizira, n'kulowa okha opanda nsapato.

Iye anatsala pakhomopo akuyang'ana. Phazi lawo lamanja linakhwekhwereza pansi pang'onopang'ono mpaka chala chachikulu chinagwera mumpata wa pakati uja. Pamenepo anakhota, anatambasula dzanja, ndipo dzanjalo linafikira ndendende pangodya ya tebulo. Anatsamira ndi thupi lonse, tebulo osagwedera. Kuchoka apo anatsata mpatawo ngati munthu wotsata mzere m'munda mpaka kukabati, anaigwira, kenako phazi linapeza mpata wopingasa uja, n'kulowa kuzipinda. Sanapunthwe, sanapapase m'malere.

Gloria anali ataima kumbuyo kwake.

“Tebuloli bwanji sanalitulutse pamaliro?” Robin anafunsa.

“Anayesa. Suzumirani pansi pake.”

Anagwadanso. Mwendo uliwonse unali ndi kachitsulo kokhota, komangidwa ndi bawuti yoboola thabwa la vinilo mpaka kulowa m'simenti. Kabati nayonso chimodzimodzi. Inali ntchito yaukhondo, ya munthu wosapupuluma, ndipo mitu ya mabawuti inapakidwa penti wofiirira kuti isaoneke. Apo anamvetsa. Matabwa amene anayenera kuyenda momasuka anakhomeredwa uku ndi uku. Chisanu chitawafinya analibe kolowera, anangolekana pakati.

Gloria anakhala pansi n'kutsamira mwendo wa tebulo.

“Amayi anagwa mwezi woyamba womwewo,” anatero. “Simenti yakale ija ankaidziwa ndi mapazi. Mng'alu uja, pokumbika paja pakhomo, pamene polishi anatha. Mutayala izi ponse panafanana, ponse poterera. Ankati zili ngati awasiya pakati pa bwalo la mpira. Tsiku lina anasochera pabalaza pomwe pano, anagwira tebulo, tebulo n'kutsetsereka nawo. Anagona masabata ndi chiuno.”

“Ine osamva.”

“Munkaimba foni, abambo n'kumati tonse tili bwino, alendo akusirira pansi pathu. Ndipo sankanama. Aliyense wobwera ankamuonetsa. Ngakhale abambo mfumu anawaweramitsa kuti akhudze, awone ngati si mlombwa weniweni.” Gloria anamwetulira pang'ono, kumwetulirako n'kuzimirira. “Amayi atagwa, m'mawa mwake abambo anakabwereka chobowolera kwa akalipentala. Ndinawakumbutsa kuti achimwene anati musakhomepo kanthu. Anati, ‘Ndinamva. Koma matabwa akawonongeka tidzapeza ena.’”

Robin anasisita mutu wa bawuti ndi chala.

“Mipata itatseguka abambo anagula makandulo kuti asungunulire m'menemo inu musanafike pa Khirisimasi,” Gloria anapitiriza. “Amayi ndi amene anawaletsa. Anati isiyeni, ndapezanso njira. Ndiye mukati mukubwera ankangoyala mphasa ndi kakapeti kaja. Inunso simunkakhalitsa.”

Robin anakumbukira maulendo amenewo. Akangotsika m'galimoto bambo ake ankatulutsa mipando pakhonde, n'kumati tiwothe dzuwa, m'nyumba mukuzizira. Ankamufunsa za ntchito, za ana, za mitengo ya zinthu mumzinda, n'kumusendera mapichesi ndi kampeni kawo. Dzuwa likapendeka ankayamba okha kumufulumizitsa, kuti msewu ndi woipa, apite kusanade. Iye ankayesa nkhalambayo ikungokonda pakhonde.

Anakhala pansi, msana n'kutsamira mwendo wina wa tebulo lomwelo. Masiku onse a maliro anali wothamanga, za bokosi, za nkhuni, za galimoto zonyamula anthu, ndipo ngakhale kumanda maso ake anali ouma. Tsopano analira, mwakachetechete, chikhatho chili kumaso. Gloria anamuona. Anangosendera pafupi mpaka phewa lake linakhudza la mchimwene wake, n'kukhala choncho.

Masana Robin anawapeza mayi ake pakhomo la kuseri, pomwe pankafika dzuwa, akusenda nsawawa m'lichero. Zala zawo zinkagwira ntchito zokha. Anakhala pachiwundo pafupi nawo n'kutenga nawo zina.

“Amayi, mukanandiuza.”

“Tikuuze chiyani? Unabwera ndi chimwemwe chako, unagwada tsiku lonse mpaka mawondo kutupa. Abambo ako anati sanakuonepo wosangalala chotero chimalizireni sukulu. Anati tisamulande.”

“Ku Lilongwe simukufunako.”

“Ndikagwira chiyani kumeneko, mwana wanga? Kuno belu likalira ndimadziwa pamene dzuwa lafika. Wodutsa kuseriku ndimamudziwa ndi mapazi ake asanapereke moni. Manda a abambo ako ali pomwepa, ndikhoza kukakhalapo ndikafuna. Ukanditenga udzandiika m'nyumba yosalala, ine ndidzakhala phee pampando kuti ndisakuvutitse, ndipo iwe udzayesa ndili bwino.”

Robin anatsegula khoko la nsawawa, njere n'kugwera pansi. Anazitola imodziimodzi.

“Nanga Gloria?”

“Gloria apite. Abambo ake analonjeza. Munthu akamwalira mawu ake satha naye.”

Anakhalanso pansi pa mtengo wa mapichesi, ulendo uno a Magadalena ali oyamba kulankhula. A Yeremiya anati mwana wawo Agnesi, amene mwamuna wake anali ku Joni ndipo ankalima mbatatesi pafupi pomwepo, akhoza kumagona m'nyumbamo ndi ana ake. Koma Agnesi anali ndi munda wake ndi msika wake. Kumapeto kwa sabata, kutchalitchi, mankhwala, kuchapa ndi kucheza kwenikweni, zonsezo zinali za Gloria.

“Zikhale zanga,” anatero Robin.

Gloria anamuyang'ana nthawi yaitali. “Musalonjeze chifukwa cha maliro, achimwene. Maliro amatha.”

“Ndikudziwa.”

“Msewu wochokera pa Chimbiya mvula ikagwa mumaudziwa?”

“Ndiudziwa.”

“Si kubwera ndi katundu n'kubwerera kusanade. N'kugona konkuno. N'kuwasambitsa mapazi, n'kuwawengera zikhadabo, n'kumva nkhani imodzimodzi katatu.”

“Undiphunzitsa usanapite.”

Gloria sanamwetulire, komanso sanatsutse. “Ndiye ndiwayankha a ku Blantyre,” anatero. A Yeremiya anagwedeza mutu, anapempherera nyumbayo mwachidule, anamanga kachikwama kawo pakaliyala n'kutsetsereka ndi njinga kulowera kudambo.

Dzuwa lisanalowe, ana awiriwo analowetsa mipando. Mpando uliwonse a Magadalena ankaugwira ndi dzanja n'kunena pamene unkakhala, ndipo Robin ankauika pomwepo osasuntha ngakhale pang'ono. Mabawuti sanawakhudze. Mpata wa pakati ndi wa pakhomo la kuzipinda anangoichotsa fumbi ndi kamtengo. Koma wa pazenera uja unali ndi thabwa lobenthuka m'mphepete, lakuthwa, loti n'kucheka chala cha munthu woyenda wopanda nsapato.

“Ili lokha ndisintha,” anatero. “Ndinasiya katoni ya matabwa otsala. Ili kuti?”

“Mwina kumosungira katundu,” Gloria anayankha. “Ine sindinaionenso.”

“Bwera,” anatero mayi awo.

Anatsogola okha, phazi likupeza njira, mpaka pachitseko cha chipinda chawo chogona. Anachikankha. Robin anaima pakhomo. Chikulireni anali asanalowemo m'chipinda cha makolo ake, ndipo poyala matabwa paja analekezera pomwepo.

“Lowa,” a Magadalena anatero. “Lero ndakulola.”

M'chipindamo munkanunkhira sopo ndi mafuta opaka a bambo ake. Bedi linali pakati, korona atakolekedwa kumutu kwake. Pansi panali simenti yakale, yopanda polishi, yozizira mpaka kulowa m'nsapato. Koma mbali imodzi ya bedi, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, panayalidwa matabwa a vinilo aja. Anali odulidwa ndi sowo yamanja, m'mphepete mwake mwapalidwa bwino kuti musabaye, olumanitsidwa mosamala kotero kuti panalibe mpata ndi umodzi womwe. Mbali inayo panalibe kanthu.

A Magadalena anakhala pabedi n'kupondetsa mapazi awo pamatabwapo.

“Sanakwanire mbali zonse,” anatero. “Ndinati tigawane, aliyense akhale ndi pake popondapo podzuka. Abambo ako anakana. Anati iwo sazizidwa, mapazi awo anazolowera kalekale.”

Anatambasula dzanja n'kusalaza bulangeti kumbali yopanda munthuyo.

“Ankanama. M'mawa uliwonse akamatsika ndinkawamva akukoka mpweya m'mano, pang'onopang'ono, kuti ndisadzuke.”